Mbalame Yoyamwitsa Inzake M'mwamba

Kuno ku Mtunthama ndege timaimvera kumutu basi. Imadutsa kutali uko pamwamba pa mitambo, ana n'kusiya phada kuti ailoze, kenako ziii. Zoyenda pansi pano ndi ngolo, njinga za kabaza ndi malole onyamula mabelo a fodya kupita ku okushoni ya ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Tsono wina mwa inu a m'tauni afunsa kuti, kodi iwe mlembi, nkhani ya ndege za asilikali waitola kuti pakati pa zigafa? Ndaitola pansi pa mtengo wa kachere uja, pafupi ndi Kamuzu Academy, pamene amati a Kamuzu Banda anaphunzirira a, e, i, o, u. Mnyamata amene anachoka m'dera lino wapansi cha m'ma 1915, kupita ku Hartley kenako ku Joni, anabwerako pandege pa 6 Julayi 1958. Pasanathe miyezi isanu ndi inayi, ndege inanso inamunyamula kupita naye kundende. Mbiri yathu ndi ndege zonyamula asilikali inayambira pamenepo, ndipo siinakhalepo mbiri yoti munthu n'kuikamba akumwetulira.

Ndiyambe ndakuonetsani chilombo chimene, poti ambiri sitinachionepo.

Dzina lake ndi Airbus A400M, ena amaitcha Atlas. Anaipanga mogwirizana maiko a ku Ulaya monga Germany, France, Spain ndi Britain, ndipo amailumikizira mumzinda wa Seville. Inauluka koyamba pa 11 Disembala 1909 ayi, musandimve molakwa, pa 11 Disembala 2009, ndipo asilikali a ku France ndiwo anayamba kuilandira mu 2013. Ili ndi mainjini anayi, iliyonse ndi chipupiza cha masamba asanu ndi atatu. Kumbuyo kwake kuli chitseko chotsika ngati mlatho moti galimoto imangolowa yokha m'mimba. Imanyamula matani 37. Kwa ife a kuno matani satanthauza kanthu, tiyeni tiwerenge m'mabelo: belo likamalemera makilogalamu 100, ndiye kuti mabelo 370 ulendo umodzi. Kapena matumba a chimanga 740. Kapena asilikali 116 ndi zida zawo. Ndipo siifuna bwalo la tala. Imatera pafumbi, pamiyala ing'onoing'ono ngakhale pamchenga. A ku Brazil nawo ali ndi yawo yocheperako, Embraer C-390, ya matani 26, yomwe inauluka koyamba mu Febuluwale 2015. Zonse ziwirizi zikulimbirana malo a gogo wawo, C-130 Hercules ya ku America, imene inayamba kuuluka mu 1954 koma mpaka lero ikupangidwabe.

Koma chimene chimandidabwitsa ine si kunyamulako. Ngolo nayo imanyamula. Chodabwitsa n'chakuti mbalame imeneyi imayamwitsa inzake zili m'mwamba.

Zimachitika chonchi. M'mathanki ake mumalowa mafuta opitirira malita 60,000, pafupifupi mathankala awiri a pamsewu aja timawadikirira pafilingi siteshoni. Kunsi kwa phiko lililonse amamangirirako chibokosi chokhala ndi paipi yofewa yokulungidwa. Nthawi ikakwana paipiyo amaimasula n'kumakokeka kumbuyo, ndipo kunsonga kwake kuli chinthu chonga mono wa asodzi, chotambasuka ndi mphepo kuti paipi isamavinevine. Ndege yaludzu imabwera chakumbuyo ndi mlomo wake wosongoka ngati wa choso, n'kulasa pakati pa monoyo. Ikakankha paipi pang'ono, mafuta amatseguka okha, malita cha m'ma 1,500 pa mphindi imodzi. Ikakhuta imabwerera m'mbuyo, mafuta n'kudzitseka. Zonsezi zikuchitika ndege ziwirizo zikuthamanga makilomita mazanamazana pa ola, zitatalikirana ngati kuchoka pakhonde kufika pankhokwe. Woyendetsa akangoyetsemula molakwika, maliro.

Luso limeneli ndi lakale kuposa mmene tingaganizire. Pa 27 Juni 1923, ku San Diego, ndege ziwiri zamatabwa ndi nsalu za asilikali a America zinapatsirana petulo kudzera m'paipi yolendewera, wina akuigwira ndi manja. Mngelezi wina, Sir Alan Cobham, amene anali atazungulira Africa pandege yotera pamadzi mu 1927 ndi 1928, anatsegula kampani ya ntchito yokhayi mu 1934, ndipo njira ya mono ija inatulukira kukampani yakeyo mu 1949. Chaka chomwecho ndege ya America yotchedwa Lucky Lady II inazungulira dziko lonse lapansi osatera, maola 94, itamwetsedwa kanayi panjira. Mu 1982, pa nkhondo ya ku zilumba za Falkland, Angelezi anatumiza ndege imodzi ya mtundu wa Vulcan kuchoka pachilumba cha Ascension kukaphulitsa bwalo la ndege la ku Port Stanley. Kuti imodziyo ikafike, ndege 11 zonyamula mafuta zinanyamuka nayo, zikumwetsana zokhazokha m'njira ngati anthu opatsirana chikho pamowa. Mabomba anaponya 21. Logwera pamsewu wa ndege weniweni linali limodzi.

Mukaona bwino, ndege yotere ndi ya dziko lofuna kutambasula mkono kukafika pakhomo pa eni ake. Ife a Nyasaland tinaudziwa mkono umenewo tili kumbali yolandira.

Mu Febuluwale 1959 dziko linali litatentha. Bwanamkubwa Sir Robert Armitage anapempha thandizo kwa Sir Roy Welensky wa boma la chitaganya, ndipo asilikali a ku Southern Rhodesia anayamba kutsika pa Chileka. Pamsewu, kudzera ku Tete ndi kuoloka Zambezi pa pantoni nyengo ya dzinja, ukanakhala ulendo wa masiku. Pandege za mtundu wa Dakota za Royal Rhodesian Air Force unali ulendo wa maola ochepa. Dakota ndi kandege ka mainjini awiri, konyamula anthu osafika 30, kotsala ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Poyerekeza ndi A400M ndi nkhuku pambali pa nthiwatiwa. Komabe n'kokwanira kusintha mbiri ya dziko. Anthu a ku Fort Hill, kumene lero timati Chitipa, anaizindikira msanga nkhaniyi kuposa ophunzira ambiri: mwezi womwewo analanda bwalo la ndege la kumeneko kuti pasatere kanthu. Analibe mfuti zoombera ndege, koma anadziwa kuti mbalame ngakhale iuluke chotani iyenera kutera.

M'bandakucha wa pa 3 Malichi kunachitika zimene atsamunda anazitcha Operation Sunrise. A Banda anawagwira kunyumba kwawo ku Limbe ali ndi zovala zogonera, n'kuthamangira nawo ku Chileka. Tsiku lomwelo atsogoleri 72 a Nyasaland African Congress anawaulutsa kupita ku Southern Rhodesia, ndipo a Banda anakatsekeredwa ku Gwelo mpaka pa 1 Epulo 1960. Ndege zinabwera ndi asilikali, zinabwerera ndi atsogoleri. Bungwe lofufuza la Devlin linawerenga anthu 51 ophedwa m'nyengo imeneyo, ena mwa iwo pa doko la Nkhata Bay. Chaka ndi chaka pa 3 Malichi timakumbukira mfuti ndi sitima ya Mpasa, ndipo n'koyenera kutero, koma za ndege sindinamvepo wolankhula pamwambo akuzitchula. Chonsecho popanda ndegezo Armitage sakanakhala ndi asilikali okwanira kulamula zimene analamula m'mawa umenewo.

Patangopita zaka zisanu ndi chimodzi ndege za mtundu womwewu wa ntchito zinaonetsa nkhope ina, kwa anansi athu a ku Zambia. Ian Smith atalengeza ufulu wake wa azungu okhaokha pa 11 Novembala 1965, Britain inaletsa mafuta kupita ku Rhodesia, ndipo Smith naye anatseka mafuta opita ku Zambia, poti onse ankadzera kwa iye. Dziko la migodi ya kopa, la chaka chimodzi chokha chibadwire, linatsala pang'ono kuzima. Kuyambira mu Disembala 1965 ndege za Britannia za asilikali a Britain zinayamba kututa mafuta a m'migolo kuchoka ku Dar es Salaam, kenako ku Nairobi, kupita ku Lusaka ndi Ndola. Canada inatumiza ma Hercules ake amene ankanyamukira ku Leopoldville. America inachita hayala ndege za makampani a Pan Am ndi TWA. Mafuta ena ankabwera pasitima kuchoka ku Beira kudzafika ku Salima kwathu konkuno, n'kukwezedwa pamalole kudzera ku Fort Jameson. Eni magalimoto ku Lusaka ankapatsidwa petulo wa muyezo pamwezi, wongokwanira kupita kuntchito masiku owerengeka.

Angelezi anatuta mpaka mu Okutobala 1966. Zambia siinagwe, ndipo ulemu upite kwa anyamata amene ankauluka atakhalira migolo ya petulo. Koma a Kaunda sanapusitsike. Ndege yonyamula mafuta nayo imamwa mafuta, ndipo imamwa mosaumira. Chimene chinapulumutsa Zambia kwenikweni ndi paipi ya TAZAMA ya makilomita 1,710 kuchoka ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene inatha mu 1968, kenako njanji ya TAZARA. Ife amene tinagona pamizere ya mafuta mu 2011 ndi 2012, n'kudzagonanso m'zaka zaposachedwapa, paipi yotero tilibe mpaka lero. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Pali ndege zinanso zimene akuluakulu a m'midzi ya kuno ku Kasungu anazikwera, ndipo anazikwera ambiri kuposa ife a madipuloma. Ndikunena ndege za Wenela. Bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni linali ndi ndege zakezake, ma Dakota ndi ma DC-4, mitundu yomwe ija inkanyamula asilikali pa nkhondo ya Hitler. Mwamuna wosadziwa n'komwe mkati mwa basi ankapezeka ali m'mwamba, kuchoka ku Chileka kapena Lilongwe kupita ku Francistown, n'kukakwera sitima ya ku migodi. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodi imeneyo anapitirira 100,000. Mukacheza ndi madala otsalawo, za ndege sakamba zambiri. Amakamba za khutu kutsekeka, za kusanza, ndi za bokosi lachitsulo limene anabwera nalo.

Pa 4 Epulo 1974 DC-4 ya Wenela inanyamuka pa Francistown kulinga ku Blantyre, itadzaza amuna otsiriza kontalakiti, obwerera kwa akazi awo ndi mabulangete, mawailesi ndi masuti. Itangonyamuka mainjini anayamba kutentha ndi kutha mphamvu. Inagwa isanapite patali n'kuyaka. Mwa anthu 84, anafa 78, ndipo oposa 70 anali Amalawi. Ofufuza anapeza kuti petulo wa ndegeyo anali atasakanikirana ndi mafuta a ndege za jeti, amene ali ngati palafini. Anthu anafa chifukwa cha zimene zinachitika pansi, pa thanki, ndege isanalize n'komwe injini. A Banda anakwiya n'kuletsa Wenela kulemba anthu m'dziko muno, ndipo eni migodi ku Joni anagwira njakata. Kulembako kunayambiranso mu 1977 koma sikunafikenso pa chiwerengero chakale, mpaka kunatheratu mu 1988 pa mkangano wa zoyeza Edzi.

Nanga zathuzathu? Nthambi ya ndege ya asilikali a Malawi inayamba mu 1976 mothandizidwa ndi West Germany, n'chifukwa chake dzina la Dornier lakhala nafe nthawi yonseyi: Dornier 27, Dornier 28, kenako m'zaka za m'ma 1980 Dornier 228, ya anthu 19. Panalinso mahelikopita a ku France. Ndege zomenyera nkhondo za jeti sitinakhalepo nazo, choncho ngakhale wina atatipatsa A400M yaulere mawa, palibe mwana woti iyamwitse. Ndiponso dziko lathu ndi lowonda ngati nsungwi, makilomita cha m'ma 900 m'litali. Chilombo chimenechi chitanyamuka ku Nsanje chikhoza kukafika ku Chitipa ola limodzi litangopitirira pang'ono, thanki isanadziwe n'komwe kuti yayenda.

Ndege yodula imene tinagulapo inali ya munthu mmodzi. Mu 2009 boma la a Bingu wa Mutharika linagula Dassault Falcon 900 pamtengo wa madola pafupifupi 22 miliyoni, Britain n'kudula thandizo lake ndi mapaundi 3 miliyoni. Mayi Joyce Banda anaigulitsa mu 2013 pa madola 15 miliyoni, n'kunena kuti ndalamazo zigula chimanga. Siinanyamulepo thumba la ufa.

Ngakhale a ku South Africa, amene thumba lawo si lathu, A400M inawakanika. Anasaina mu 2005 kuti agula zisanu ndi zitatu, makampani awo n'kuyamba kupanga zina mwa zigawo za ndegeyo. Mu Novembala 2009, ndege isanauluke n'kamodzi komwe, boma la a Jacob Zuma linathetsa mgwirizano ponena kuti mtengo wakwera kuchoka pa marandi 17 biliyoni kufika pa 47 biliyoni. Ma Boeing 707 awo omwetsa ndege m'mwamba anali atapuma kale mu 2007. Anatsala ndi ma Hercules amene anagula mu 1963, a Verwoerd akadali pampando. Kuti mumve kulemera kwa katunduyu: Portugal inasaina mu 2019 kugula ma C-390 asanu, pamodzi ndi zophunzitsira ndi zokonzera, pa mayuro 827 miliyoni. Fodya yense wa dziko la Malawi, wa mlimi aliyense kuyambira ku Rumphi mpaka ku Mulanje, sanagulitsidwepo ndalama zotere m'chaka chimodzi.

Ena amati, komatu pa njala ndi pa madzi osefukira ndege yotere ingatipulumutse. Apa ndimafuna tiwerenge bwino, chifukwa njala ya 2002 ife a ku Kasungu tinaiona ndi maso. Ndinali mwana wa pulaimale. Ndikukumbukira matenanti ochotsedwa m'maesiteti akuyenda m'misewu ndi timitolo pamutu, gaga akugulitsidwa pambale ngati ufa woyera, anthu akukumba zitsa za nthochi. Chimanga chosungira dziko pa nthawi ya tsoka, matani pafupifupi 167,000, chinali chitagulitsidwa, boma ndi IMF akulozana chala. Kuti A400M ibweze chimanga chimenecho ikanayenda maulendo oposa 4,500. Thiraki imodzi ya pamsewu imanyamula pafupifupi chimodzimodzi, pamtengo woti simungayerekeze n'komwe. Njala ya dziko lonse siitha ndi ndege. Imatha ndi nkhokwe, njanji ndi anthu osaba.

Madzi osefukira ndi nkhani ina, pamenepo ndivomereza. Namondwe wa Idai atakantha mu Malichi 2019, A400M ya asilikali a Britain inapititsa matani 20 a katundu wa chithandizo ku Mozambique. Koma Freddy atatigwetsera mapiri mu Malichi 2023, ku Chilobwe, ku Phalombe, ku Mulanje, n'kupha anthu oposa 1,000, chimene chinasowa kwambiri sichinali chindege chachikulu. Anthu anali pamitengo ndi pazitunda, milatho itapita. Pamafunika helikopita, ndipo tinachita kuthandizidwa ndi a Tanzania ndi a Zambia. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndege ya mnansi imabwera mnansiyo akamaliza zake.

Kenako linafika tsiku la 10 Juni 2024. Dornier 228 ya asilikali athu, imene inafika m'dziko muno mu 1988, inanyamuka pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe nthawi itangopitirira 9 koloko m'mawa. Inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu, kuphatikizapo mayi Shanil Dzimbiri, pa ulendo wa ku Mzuzu ku maliro a a Ralph Kasambara. Ulendo wosakwana ola. Mapiri a Viphya anali atafunda nkhungu ya mwezi wa Juni, ndipo ndegeyo inawomba phiri m'nkhalango ya Chikangawa. Palibe anapulumuka. Dziko lonse linagona osadziwa kumene ili, mpaka inapezeka tsiku lotsatira.

Za chimene chinachitika m'mwambamo anthu akukambabe, m'maminibasi ndi m'mabawo, ndipo ine sindine woweruza. Ndingotchula zimene akatswiri ofufuza ngozi za ndege a ku Germany, a bungwe la BFU, analemba. Ndegeyo inalibe makina osunga mawu a oyendetsa kapena osunga mayendedwe ake, aja timati bokosi lakuda. Inali ndi kachipangizo kamene kamayenera kulira kokha ndege ikagwa kuti ofunafuna adziwe pamene ili, koma batire yake inali itatha nthawi mu 2004. Zaka 20, abale. Mwana wobadwa chaka chimene batire imeneyo inatha anali atalemba kale mayeso a fomu folo. Ine ndikamamva anzanga ena akuti tigule ndege zamakono zikuluzikulu ngati maiko ena, maganizo anga amathamangira ku batire ija ndi ku thanki ya ku Francistown. Ndege imagulidwa tsiku limodzi, pali nduna, pali kwaya, pali riboni. Kuisamala n'kwa tsiku ndi tsiku kwa zaka 30, ndipo pamenepo sipabwera wojambula.

Komabe sindinganene kuti ofuna ndege yaikuluwo alibe mfundo, chifukwa pali malo amodzi pamene kusowa kwake kumaluma. Asilikali athu timawatumiza kutali. Kuyambira mu 2013 akhala ali kum'mawa kwa Congo pamodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa, m'gulu lapadera la United Nations, ndipo mu Novembala 2018 asanu ndi mmodzi anaphedwa kufupi ndi Beni. Kupita ndi kubwera kwa gulu lalikulu chotero ndi katundu wake kumadalira ndege za ena. Mmodzi mwa ma Hercules okalamba a South Africa anaphonya msewu potera pa Goma pa 9 Januwale 2020, phiko n'kugwira moto. Anthu onse anatuluka amoyo koma ndegeyo siinaulukenso.

Kumapeto a 2023 SADC inatumiza gulu lake lina ku Congo komweko, Amalawi ali momwemo. Mu Januwale 2025 zigawenga za M23 zinalanda mzinda wa Goma. Asilikali athu atatu anafa pa nkhondo imeneyo, a South Africa 14. Mu Febuluwale a Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko nthawi imeneyo, analamula kuti anyamata akonzekere kubwerera kumudzi. Koma bwalo la ndege la Goma linali m'manja mwa M23 ndipo linali lotseka. Zimene anthu a ku Fort Hill anachita mu 1959 zinachitikanso, ulendo uno otsekeredwa kunja ndi mkati tili ife. Ngakhale SADC ikanakhala ndi ma A400M khumi oyamwitsana m'mwamba usiku wonse, pansi panalibe potera popanda chilolezo cha mwini bwalo watsopanoyo.

Anyamatawo anakhala m'misasa yawo miyezi itatu akudikira zokambirana. Kuyambira kumapeto a Epulo 2025 gulu la SADC linayamba kutuluka pamsewu, katundu pamathiraki, anthu pambuyo pake m'mabasi, kudutsa m'dziko la Rwanda moperekezedwa ndi asilikali a dzikolo, mpaka ku Chato m'mbali mwa nyanja ya Victoria ku Tanzania, kumene kunali bwalo loti ndege n'kutera.